Nsalu ikhale imodzi, telala ayeze aliyense payekha

Lero sindikamba za mayeso kapena za silabasi ayi. Ndikufuna tikambirane za madiresi a atsikana operekeza mkwatibwi. Ena muona ngati ndi nkhani yachibwana, koma ine ndaona atsikana akuluakulu akukhetsa nayo misozi kuseri kwa tchalitchi.

Poti ndimaphunzitsa zosokasoka ndi zapakhomo kusekondale, ana anga akale akafuna kulowa m'banja amandikumbukira. Ena khadi la ukwati lenilenilo sanditumizira, koma funso la madiresi lokha limandipeza. Amatumiza pa WhatsApp chithunzi chimene achitola pa Pinterest kapena pa Instagram, pansi pake n'kulemba kuti, "Madamu, sitayilo iyi ikhala bwanji?" Ine ndimabweza ndi funso: ikhala bwanji pa ndani? Operekeza akowo ndi ati, wamtali ndani, wamfupi ndani, alipo woyamwitsa? Pamenepo foni imayamba yakhala chete kaye. Kenaka yankho limabwera lakuti, "Aa madamu, onse avala yomweyo basi, kuti zithunzi zikaoneke bwino."

Tiyeni tichiyang'anitsitse chithunzi cha pa intaneticho. Atsikana asanu ndi mmodzi, msinkhu wofanana, ziuno zofanana, ngati anabadwa tsiku limodzi kwa mayi mmodzi. Zambiri mwa zithunzi zoterezi ndi zotsatsa malonda. Atsikanawo anachita kusankhidwa kuti agwirizane ndi diresilo, ndipo aima chilili, sakuvina, sakukhala pansi, thukuta palibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono operekeza a kwathu kuno sasankhidwa ndi tepi yoyezera. Amasankhidwa ndi ubale. Pamzerepo pamakhala mng'ono wa mkwatibwi amene ali Fomu 3, msuweni wochokera kumudzi, mnzake wa kukoleji amene ali ndi mwana wa miyezi isanu, wina wa kukwaya, ndiponso mchemwali wa mkwati, amene simungamusiye ngati mukufuna mtendere ndi apongozi. Anthu amenewa mukuwaika onse mu diresi limodzi losokedwa mofanana. Mmodzi kapena awiri liwakhala. Otsalawo angopirira.

Mwambo woti operekeza avale zofanana ndendende unabwera pamodzi ndi ukwati wa diresi loyera. Ku England, Mfumukazi Victoria pokwatiwa mu 1840 anali ndi atsikana 12 omugwirira nsalu ya kumbuyo, onse atavala zoyera zofanana. Ife tinaulandira mwambowo kudzera m'matchalitchi ndi m'magazini, ndipo tinaugwira mwamphamvu kuposa eni ake. Chodabwitsa n'chakuti njira yabwino tili nayo kale pakhomo. Taganizani za chinkhoswe. Banja limasankha chitenje chimodzi, aliyense n'kugula chake, n'kupita nacho kwa telala wake. Agogo amasoketsa chilundu ndi duku, azakhali bulauzi ya manja otukumuka, atsikana kadiresi kofika m'mawondo, anyamata malaya. Tsikulo likafika palibe amene amafunsa kuti awa ndi a mbali iti, nsalu imanena yokha, koma aliyense wavala chomukhala. Anzathu Ayoruba a ku Nigeria amachitanso chimodzimodzi, amachitcha aso ebi. Nanga bwanji nzeru yomweyi imatithawa tikafika pa operekeza a Loweruka?

Wina anandiyankhapo kuti, "Koma madamu, inu nomwe mumathamangitsa ana osavala yunifolomu." Zoona, ndipo sindisiya. Yunifolomu ya kusukulu ili ndi ntchito yake: imabisa kuti uyu ndi mwana wa abwana, uyu ndi wa mayi wogulitsa tomato. Ndipo imasokedwa motakasuka, siketi yamapindo, bulauzi yosagwira thupi, kotero kuti aliyense amalowamo. Diresi lothina la operekeza limachita zosiyana ndi zimenezo. Limaika matupi asanu ndi limodzi pamzere kuti anthu mazana awayerekeze.

Tsopano tilowe m'matupimo. Magazini akunja amagawa matupi a akazi ngati zipatso, akuti uyu ndi apulo, uyu ndi peyala. Peyala lawolo si peyala lathu lodyera mbatata lija, koma maonekedwe ake sasiyana kwenikweni, kumtunda kochepa kumunsi kotakata. Ine mayina amenewa sindiwagwiritsa ntchito m'kalasi, chifukwa ana amayamba kutchulana zipatso mpaka teremu kutha. Komanso malangizo ambiri a m'magaziniwo cholinga chake ndi chimodzi, choti mtsikana aoneke wowonda. Kuno mbina si chinthu chobisa. Ine ndikamati diresi lamukhala munthu ndimatanthauza kuti akupuma bwino, sakulikoka-koka, ndipo waiwala kuti wavala.

Ndiyambe ndi sitayilo imene yatizunza kwambiri, imene atelala amaitcha mermaid kapena fish tail. Imagwira thupi kuyambira pachifuwa, kutsika m'chiuno ndi m'ntchafu, n'kudzatambasuka cha m'mawondo ngati mchira wa nsomba. Pachithunzi ndi yokongola, sindikana. Imafuna munthu wamtali ndithu, amene chifuwa ndi mahipi ake n'zolingana. Mukamuveka mtsikana wa mbina, nsalu yonse imathera kumbuyo. Msoko wa pakati umakokeka, zipi imayamba kupanga mafunde, pamsana pamwamba pa mbinapo pamatsala thumba la nsalu chifukwa chiuno chake n'chaching'ono kuyerekeza ndi mahipi, ndipo mpendero wakumbuyo umakwera kuposa wakutsogolo. Akayenda masitepe atatu diresi limakwera, iye n'kumalitsitsa ndi dzanja, dzanja lina lili ndi maluwa. Mukamuveka wamfupi, mchira uja umayambira pamalo olakwika ndipo amaoneka ngati waima mu ndowa. Ngati mkwatibwi waumirira sitayilo imeneyi, telala autukule mchirawo kuti uyambire pakati pa ntchafu, ndipo kumbuyo aikeko madati okwanira kuti nsalu itsate msana. Koma kwa wa mbina chimene chimakhala bwino mosavuta ndi diresi logwira pachiuno penipeni, kumunsi n'kumatambasuka pang'onopang'ono, lija amati A-line. Chiuno chimaoneka, mbina imaoneka mwaulemu wake, ndipo miyendo ili ndi malo.

Wa chifuwa chachikulu vuto lake ndi diresi lopanda mapewa. Kuti diresi lotere liime lokha pamafunika timafupa tapulasitiki tosokerera m'kati ndi nsalu yolimba, ndipo atelala ambiri a m'misika mwathu sachita zimenezo, kaya chifukwa cha mtengo kaya chifukwa cha nthawi. Zotsatira zake mtsikana amakhala tsiku lonse zigongono zili chopanira m'nthiti, kuopa ngozi. Mpatseni mapewa otakata oti abise zingwe za bra yake ya masiku onse, ndi khosi lotsika pang'ono ngati chilembo cha V, osati lotseka mpaka pammero, chifukwa lotseka limachititsa kuti chifuwa chioneke ngati chimtolo chimodzi. Ndipo patsiku loyezetsa avale bra yomweyo imene adzavale paukwati. Anthu amaseka ndikanena zimenezi, koma kusiyana kwake kumakwana masentimita angapo.

Wochepa thupi naye ali ndi madandaulo ake, kungoti anthu samumvera, amati iwe chilichonse chimakukhala. Si zoona. Diresi lolunjika lopanda mapindo limangolendewera pa iye ngati lili pa hang'ala. Ameneyu ndiye mwini wa peplum, kansalu kotambasuka kozungulira m'chiuno kaja, ndi manja otukumuka, ndi mapindo ambiri. Zinthu zomwezi mukamuveka wa mbina mwamuwonjezera katundu pamalo pamene pali kale katundu.

Wamfupi musamudule pakati ndi lamba wamkulu wa mtundu wina. Ndipo utali wa diresi uyezedwe pa mwendo wake, osati ndi nambala imodzi ya onse. Ndikamva mkwatibwi akuuza telala kuti onse masentimita akutiakuti ndimadziwiratu kuti wamtali adzaonetsa mawondo pamene wamfupi akusesa holo.

Amene ndimamumvera chisoni kwambiri ndi wa kamimba, makamaka amene wangobereka kumene. Thupi la mayi woyamwitsa limasintha sabata ndi sabata, ndipo sanapemphe kuti anthu aziliyang'ana. Kwa iye pali sitayilo yabwino kwambiri, imene msoko wa chiuno umakhala pansi pa mabere penipeni, nsalu n'kumatsika momasuka kuchokera pamenepo. Imathandizanso amene ali woyembekezera, ndipo tisanamizane, pakati pa tsiku loyezetsa ndi tsiku la ukwati pamadutsa miyezi, zambiri zimachitika. Woyamwitsa muganizireninso potsegulira. Zipi ya kumsana yokha imatanthauza kuti mwana akalira mayi avule diresi lonse m'galimoto ya eni ake. Kutsogolo kopitirizana, kapena zipi yobisika m'mbali, kumathetsa nkhaniyo.

Pali mwana wa mchemwali wanga amene anasankhidwa kuperekeza mnzake wa kuntchito. Ndi mtsikana wathupi, wansangala, ndipo pa gulu lonselo ndiye amene ankagwira msanga masitepe. Analipira ndalama ya nsalu, anapita kokonzekera kuvina milungu inayi, madzulo aliwonse akaweruka, minibasi yolipira yekha. Madiresi atatuluka, onse a mermaid a satini wonyezimira, lake linakana kutseka. Telala anati nsalu inatha. Komiti inakhala pansi, ndipo yankho limene inapeza linali lakuti iye akhale wolandira alendo pakhomo, diresilo avale mtsikana wina amene linamukwana. Anabwera kwathu usiku womwewo. Sanalire, anangoti, "Amayi aang'ono, ndiye kuti pa anthu onse aja cholakwika ndi thupi langali?" Ku ukwatiwo anapita, mphatso anapereka, koma chinzake chija chinathera pomwepo. Mpaka lero akaitanidwa kuperekeza amayamba wafunsa sitayilo, akamva kuti ndi imodzi ya onse amapepesa kuti watanganidwa. Mita imodzi ya nsalu ikanakwana kupulumutsa zonsezi.

Za nsalu ndinenepo pang'ono, chifukwa sitayilo yabwino pa nsalu yolakwika ndi ntchito yachabe. Satini wotchipa amene wadzaza m'masitolo ndi wa poliyesitala. Amanyezimira, ndipo chilichonse chonyezimira chimaonetsa pamene thupi latukuka ndi pamene lalowa, mpaka mzere wa kabudula wam'kati. Salowanso mphepo. Maukwati athu ambiri amachitika m'chilimwe, ndipo amene anaperekezapo mu Okutobala ku Mangochi, ku Salima kapena ku Chikwawa akudziwa chimene ndikunena: pofika nthawi ya zithunzi m'khwapa muli mapu a dziko. Wopukuta thukuta amapukuta la mkwatibwi yekha, operekeza amadzionera okha. Shifoni yokhala ndi nsalu yam'kati imagwa bwino pa matupi ambiri, ndipo nsalu zosanyezimira zimakhululuka zambiri. Chitenje cha thonje chimapuma, chimagwira msoko, ndipo atelala athu amachidziwa kuposa nsalu ina iliyonse. Kungoti chitenje sichitamuka, ndiye chikathina chathina, komanso chichapidwe chisanadulidwe, chifukwa china chimafupika ndi madzi oyamba. Cha maluwa akuluakulu chimafuna telala wamaso. Ndinaonapo duwa limodzi lalikulu litakhala pakati penipeni pa mbina ya mwana wa eni ake, holo yonse n'kumaloza.

Mtundu nawo uyesedwe pakhungu. Pa gulu limodzi pamakhala woyera ndi wakuda bii, ndipo mtundu umene ukuwala pa wina umamuzimitsa mnzake. Tengani kachidutswa ka nsaluyo, muwaike pafupi ndi nkhope mmodzimmodzi, panja padzuwa osati pansi pa getsi la m'sitolo.

Kenaka pali tchalitchi. Mipingo yambiri kuno safuna mapewa apamtunda kapena mng'ambo wofika m'ntchafu, ndipo amayi a mumpingo sachita manyazi kukufunditsa chitenje pakhomo. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbukira lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi oonetsa mawondo. Lamulolo linachoka pamene dziko limalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo sindilisowa ngakhale pang'ono. Koma maso amene linawaphunzitsa akadalipo, ndipo amene amawalandira masowo si mkwatibwi amene anasankha sitayilo, ndi mtsikana amene waivala. Onaninso kuti khosi lomwelo limene pa wochepa thupi likuoneka laulemu, pa wa chifuwa chachikulu limaoneka ngati wachita dala. Funsani malamulo a mpingowo nsalu isanadulidwe. Kajekete kakang'ono kovala m'tchalitchi n'kukavula ku holo kamathandiza, ndipo sikadya nsalu yambiri.

Nkhani ya ndalama sindingaidumphe. Pa maukwati ambiri operekeza amadzilipirira okha: nsalu, telala, nsapato, tsitsi, zodzola, kuwonjezapo zopereka za ku bridal shower. Nsalu zambiri zoterezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera osabwereranso. Mtsikana amene wangoyamba ntchito, kapena amene akudalira makolo, akutulutsa ndalama imene ikanagula thumba la chimanga, kugula diresi limene sanasankhe, losamukhala, loti adzavala tsiku limodzi n'kuliponya pansi pa sutikesi. Ine ndimati amene walipira ali ndi mawu. Ngati diresi lasokedwa motsata thupi lake adzalivalanso ku tchalitchi, ku ukwati wina, kapena adzalidula kukhala siketi. Akwatibwi ena amaopa zimenezi, amati diresi la ukwati wanga lisamaoneke m'misewu. Ngati ndi choncho, mugule nokha.

Ndiye ndimawauza chiyani ana anga akandifunsa? Ndimati sankha nsalu imodzi ndi mtundu umodzi, ugule yonse nthawi imodzi pa mpukutu umodzi, chifukwa mtundu womwewo ukagula mwezi wotsatira umatha kusiyana pang'ono. Uwonjezepo mamita awiri osungira. Ugwirizane ndi atsikana ako pa zinthu ziwiri zokha zofanana, mwina pamene diresi lidzalekezere ndi mtundu wa nsapato. Zotsalazo, khosi, manja, pamene chiuno chikhale, kutambasuka kwa kumunsi, aliyense akambirane ndi telala. Ngati ukuopa chisokonezo, sankha masitayilo atatu, aliyense atolepo imodzi. Pachithunzi diso limayamba kuona mtundu, ndipo gulu limaoneka limodzi ndithu. Chimene chimaononga chithunzi ndi nkhope ya munthu amene akulephera kupuma.

Telala akhale mmodzi ngati n'kotheka, kuti kasokedwe kafanane, koma ayeze aliyense ndi manja ake. Miyezo yotumiza pafoni ndi bodza lokhalokha. Atsikana amachotsera masentimita, ena amati ndikhala nditachepa pofika tsikulo, ena amayezedwa ndi mng'ono wawo ndi chingwe. Muuzeni telalayo asiye nsalu yokwanira m'misoko ya m'mbali, masentimita awiri kapena atatu mbali iliyonse, chifukwa kubweza diresi lalikulu n'kosavuta koma lothina lopanda nsalu m'kati palibe chochita. Ndipo musamuuze tsiku lenileni la ukwati. Atelala athu ndi aluso, ena amasoka zinthu zoti simungakhulupirire kuti zatuluka pa makina opalasa ndi mwendo pakhonde la sitolo, koma nyengo ya maukwati amalandira ntchito yoposa manja awo, magetsi nawo amachita zawo. Muuzeni tsiku la milungu itatu m'mbuyo.

Kuyesa madiresi kuchitike kutatsala milungu iwiri, ndipo galasi lokha silikwana. Mtsikana akavala ndimamuuza kuti akhale pampando wamba. Akweze manja onse m'mwamba. Awerame ngati akutola ndalama yagwa pa perekaniperekani. Agwade, chifukwa pa ukwati wa kwathu sipalephera wamkulu woti umugwadire pomupatsa kanthu. Akwere sitepe ngati akulowa m'galimoto. Kenaka tiyike nyimbo imene akonzera polowa mu holo, avine masitepe onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, atavala nsapato za tsikulo. Diresi limene lapirira zonsezi ndi lomwelo. Limene lakwera, latsika kapena lalira pamsoko libwerere pa makina tsiku lomwelo, telala akadali ndi ulusi wa mtundu wake.

Chinthu chimodzi chokha ndimapempha patsiku loyesalo: aliyense alowe yekha m'chipinda ndi telala, kapena ndi mnzake mmodzi amene wamusankha yekha. Gulu lonse lidikire panja, mkwatibwi yemwe. Nambala za pa tepi zilembedwe m'kope la telala, zisamawerengedwe mokweza ngati zotsatira za mayeso.